Sitampa ya Dien Bien Phu imene mtengo wake unali mpunga

Ambili a ife sitinamatepo sitampa pa envulopu. Uthenga timatuma pa WhatsApp, ndalama pa foni. Koma kale boma likafuna kuti anthu asaiŵale cinthu, linali kucijambula pa kapepala kameneka, ndipo kanali kufika pa khomo lililonse lolandila kalata. Kuyambila mu 1954, boma la Ho Chi Minh ku Vietnam linatulutsa masitampa okumbukila nkhondo ya Dien Bien Phu. Atatu anali a ndalama zawo: madong 10, 50 ndi 150. Yacinayi, ya makalata a boma, inalembedwa 0.600 kg, kutanthauza magalamu 600 a mpunga wosapuntha.

Kuti timvetse mpunga umenewu, tiyambile pa nkhondoyo. Vietnam inali m'manja mwa France, ndipo kucokela mu 1946 gulu la Viet Minh linali kumenyela ufulu. Mu November 1953 asilikali a France anatsika ndi mapalachuti m'cigwa ca Dien Bien Phu, pafupi ndi malile a Laos, n'kumangamo msasa waukulu. Akuluakulu awo anaŵelengela kuti kumapili ozungulila cigwaco kulibe miseu, conco mdani sangafikitseko mizinga kapena cakudya cokwanila.

Vo Nguyen Giap, mtsogoleli wa asilikali a Viet Minh, anadalila anthu wamba. Alimi, amuna ndi akazi omwe, analambula njila m'nkhalango ndi kusenza katundu. Njinga pafupifupi 20,000 zinalimbitsidwa ndi mitengo kuti imodzi izinyamula makilo 200 kapena kuposa, mwini wake akuikankha wapansi, monga mmene timaonela ogulitsa makala akuloŵa mu Lusaka m'mamaŵa. Mizinga anaikoka ndi zingwe mpaka pamwamba pa mapili.

Kumenyana kunayamba pa 13 March 1954. Posapita nthawi mizinga ija inatseka bwalo la ndeke la msasawo, ndipo a m'kati anatsala akudalila zoponyedwa kucokela m'mwamba. Pa 7 May msasa unagwa. Mkulu wake, Christian de Castries, anagwidwa pamodzi ndi asilikali opitilila 10,000, ndipo ambili a iwo anafela mu ukaidi. Pakati pa omenyela France panali anyamata a ku Algeria, Morocco ndi kumadzulo kwa Africa, otumidwa kukateteza utsamunda umene unali kupondeleza kwawo komwe. Pa 1 November caka comweco, Algeria nayo inayamba nkhondo yake.

Cithunzi ca pa masitampa, cimene anajambula Bui Trang Chuoc, cimaonetsa msilikali ataimilila pamwamba pa nyumba ya pansi pa nthaka ya de Castries, mbendela ikuuluka. Onyamula katundu sakuonekapo. Nkhani yawo yabisala pa mtengo paja. Pa nthawi ya nkhondo ndalama ya Viet Minh inali kutha mphamvu msanga, conco misonkho ya alimi inali kuŵelengedwa mu mpunga. Mpunga womwewo ndi umene unakwela mapili pa njinga kukadyetsa asilikali.

Pali cinanso cimene sitampa sinachule. Pangano la ku Geneva la July 1954 linagaŵa Vietnam paŵili, kumpoto ndi kum'mwela, ndipo nkhondo ina yaikulu inatsatila mpaka 1975. Ena mwa ana amene analandila makalata a masitampa amenewa anakula n'kukamenya nkhondo imeneyo.

Ife timakondwelela 24 October ndi zithunzi za atsogoleli, ndipo palibe colakwika. Koma kumidzi ndi m'makomboni muli agogo amene anaphikila omenyela ufulu, kuwabisa ndi kupeleka makalata awo mwakabisila. Atsala ocepa, ndipo palibe sitampa imene ili ndi maina awo. Tikapita kukawaona, tiwafunse, tiwajambule mawu pa foni.