Vinyu wa eni ali ndi dzina, nanga nyemba zathu?

Akuluakulu a kuno ku Mongue amene anagulako m'makantina pa nthawi ya Apwitikizi amakumbukira kuti vinyu anali wa mitundu iwiri. Wina ankabwera m'migolo, wopanda dzina, wothirira aliyense wobwera ndi kandalama. Winayo anali wa m'botolo, wa pa tebulo la azungu, ndipo papepala lake pankalembedwa dzina la dera: Porto, Dão, Madeira. Ine ntchito yanga ndi ya pa wailesi, ndipo alimi amandidandaulira za mitengo chaka ndi chaka. Nchifukwa chake ndafuna tione kumene mwambo wolemba dzina la dera unachokera, pakuti ukukhudza matumba amene timakweza pa njinga.

Kumpoto kwa Portugal kuli mtsinje wa Douro, ndipo m'mapiri a m'mbali mwake amalimamo mphesa za vinyu wa Porto. Angelezi ataukonda, adyera anayamba kusakaniza vinyu wachabechabe wa madera ena, nkumathiramo zipatso zakuda za mtengo wa sabugueiro kuti aoneke wofiira bwino. Ogula anazindikira, mtengo unagwa, ndipo olima mwachilungamo analira pamodzi ndi akuba. Paja nsomba ikawola imodzi, zonse zawola.

M'chaka cha 1756 nduna yaikulu ya mfumu José, imene inadzadziwika kuti Marquês de Pombal, inakhazikitsa kampani yoyang'anira vinyuyo. Anadula malire a dera, nazika miyala yoposa 300 yosonyeza minda ya mphesa zabwino. Analamulanso kuti mitengo ya sabugueiro izulidwe. Lamulolo silinalowe mwamtendere. Mu 1757 anthu a mumzinda wa Porto anachita chipolowe pokana mphamvu za kampaniyo pa malo omwera, ndipo ena ananyongedwa.

Madera ena anatsatira. Vinho Verde anamudulira malire mu 1908. Ku Algarve, kugombe lotentha la kumwera, lero kuli maina anayi otetezedwa: Lagos, Portimão, Lagoa ndi Tavira. Botolo likakhala ndi zilembo za DOC, ndiye kuti mphesa zake zachokera mkati mwa malire, ndi za mitundu yololedwa, mlimi sanapyole muyeso wa zokolola pa hekitala, ndipo akatswiri analawa asanavomereze. Woba dzinalo amazengedwa mlandu.

Komatu dziko lomwelo, loteteza dzina la mlimi wake, kwa ife linabwera ndi nkhope ina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma la atsamunda linaika malamulo opondereza zakumwa za eni dziko kuti vinyu wotsika wa ku Portugal apeze msika. Wolemba mbiri José Capela anafotokoza za malondawa m'buku la 1973 lotchedwa O Vinho para o Preto, kutanthauza vinyu wa munthu wakuda. Uchema wa mgwalangwa ndi wa kokonati, kachasu wa agogo athu, zonsezi zinalinso ndi akatswiri ake ndi madera ake otchuka. Palibe anazizikira mwala. Wotcheza kachasu ankabisa mtsuko kuthengo poopa asipayi ndi mbalamatodya.

Chinthu chimene chikanatchukitsa dzina la Milange ndi tiyi. Kutsidya, ku Mulanje, Henry Brown anabzala tiyi pa esiteti ya Thornwood mu 1891. Kuno kwathu, m'munsi mwa phiri la Thumbine, kampani ya Lugela inayamba kubzala cha m'ma 1914, Gurué asanatchuke. Minda inakula, fakitale inamangidwa, ndipo makolo athu anathyola masamba, ena mokakamizidwa pa chibalo. Nkhondo itafika pa boma la Milange mu 1986, anthu anathawira ku Malawi ndipo ntchito ya tiyi inafa. Lero munthu akati tiyi wa ku Mozambique, aliyense amaganiza za Gurué.

Nanga tsopano? Chimanga, nyemba ndi nandolo za ku Mongue zimawoloka Muloza tsiku ndi tsiku. Zikafika ku Limbe zimathiridwa m'thumba limodzi ndi za kwina, ndipo dzina lathu limathera pa sikelo. Amene anasankha bwino ndi amene anathira mchenga amalandira mtengo umodzi.

Abale athu a ku Tete ayamba kale ulendo wina. Mbuzi yawo inalembetsedwa ku Instituto da Propriedade Industrial m'dzina la Cabrito de Tete, ndipo ndi chinthu choyamba m'dziko lathu kutetezedwa ndi dzina la dera. Malamulo ake amanena kumene mbuziyo iyenera kukulira ndi zimene imadya kutchire, monga masau ndi malambe, zimene zimakometsa nyama yake.

Mbiri ya ku Douro ikundiphunzitsa kuti dzina silibwera ndi chidindo chokha. Limafuna malire odziwika, malamulo olembedwa, ndi anthu okonzeka kubweza thumba la mbale wawo likakhala lonyowa kapena lofumbwa. Pamenepa ndi powawa, chifukwa wobwezedwayo ndi mlamu wako amene mudzakumane naye pa maliro. Koma ikutichenjezanso: malamulo akalembedwa ndi akuluakulu okha, wamng'ono ndiye amapwetekeka, monga zinachitikira ku Porto.

Choncho inu a m'magulu a alimi, pamodzi ndi mafumu athu, khalani pansi nyengo yokolola isanafike. Gwirizanani kuti ndi nyemba ziti zoyenera kutchedwa za ku Milange, zouma motani, zosankhidwa motani, ndiponso ndani adzayang'ane m'thumba lisanasokedwe. Mukalemba nokha zimenezi, boma lidzapeza choti lidinde.