Mawu a Kota Kota ali m'kabati ku Makhanda

Nyimbo zina za makolo athu a m'chigawo chapakati zimagona ku South Africa, mumzinda wa Makhanda umene kale unkatchedwa Grahamstown. Zili pa Rhodes University, m'nyumba yosungiramo nyimbo ya International Library of African Music, ILAM mwachidule. Pa makadi a zina mwa izo dzina la dera lathu la Nkhotakota linalembedwa monga ankalembera atsamunda, Kota Kota. Kuno ku Linga ochepa chabe ndiwo amadziwa zimenezi, ndipo ineyo ndinazimva ndili ndi imvi kale, mphwanga atandimvetsera zingapo pa foni.

Amene anazijambula ndi Hugh Tracey, Mngelezi wobadwa mu 1903. Anabwera ku Southern Rhodesia ali mnyamata kudzalima fodya ndi mkulu wake, koma nyimbo za Akaranga amene ankagwira nawo ntchito m'munda zinamukoka mtima kuposa fodyayo. Mu 1954 anakhazikitsa ILAM ku Roodepoort, kufupi ndi Johannesburg. Ku Nyasaland anajambulako mu 1950, mu 1957 ndi mu 1958. Zimene anatola m'maiko ambiri a mu Africa zinatuluka pa mbale 210 zotchedwa Sound of Africa. Iye anamwalira mu 1977, ndipo chaka chotsatira mwana wake Andrew anasamutsira chuma chonsecho ku Grahamstown.

Kajambulidwe kake kanali kotopetsa. Ankayenda ndi galimoto yonyamula makina a tepi komanso jenereta. Jeneretayo ankaiika patali, yolumikizidwa ndi nthambo yaitali, kuti phokoso lake lisalowe m'nyimbo. Maikolofoni ankaigwira m'manja, nkumaisendeza kwa wotsogolera nyimbo, kenaka kwa ovomera, kenaka kung'oma. Akamaliza ankawaseweretsa tepiyo eni ake kuti adzimve. Ndimaganizira mayi amene moyo wake wonse anangomvapo mawu a anzake, tsiku limenelo nkumva ake akutuluka m'bokosi.

Komatu Tracey ankafuna nyimbo, osati malo. Kwa munthu wogwira maikolofoni, mwera ndi mdani, tambala ndi mdani, mwana wolira kumsana ndi mdaninso. Tsono zimene tili nazo ndi nyimbo zoyera bwino za mphindi ziwiri kapena zitatu, zochotsedwa pakati pa gule amene mwina anachezera usiku wonse. Tauni yeniyeniyo sinalowemo. Pamenepo mpamene pamandiwawa, chifukwa Nkhotakota ndi malo amene khutu limamva mbiri yake. M'mamawa kumamveka kuitana kwa kumzikiti, chizindikiro cha Chisilamu chimene chinafika ndi a Jumbe, kuyambira Salim bin Abdallah m'zaka za m'ma 1840, ngalawa zawo zikuwolotsa minyanga ndi akapolo. Kumamveka belu la All Saints, mishoni ya UMCA imene inayamba mu 1894, kumene anaikidwa Bishopu Chauncy Maples atamira panyanja mu 1895. Kumamveka Chichewa, Chitonga, Chiyao, ndi timawu ta Chiswahili totsalira m'kamwa mwa achikulire.

Nanga za kugombe? Ndili mwana, usiku wopanda mwezi tinkagona tikumva kugogoda kochokera pakati pa nyanja, asodzi akumenya nkhafi m'mbali mwa bwato pamene akukoka chilimira. Madzulo asiginala, okopa nsomba ndi kuwala, akamakonza nyali zawo za palafini ankazipopa mpaka zitayamba kulira mwa tsiii, ndipo kuliraku kunkapita nawo panyanja. Lero ambiri amayatsa mababu a batire, amene salira, ndipo chimene chimamveka ndi injini. Kumidzi ya mpunga, misi iwiri kapena itatu inkasinthana mumtondo umodzi, amayi akuimba zodandaula za apongozi kapena za mwamuna amene anapita ku Joni osalembako kalata. Chigayo chinameza zonsezo. Nyimbo zapamtondo Tracey anajambulako ndithu m'dziko muno, ndipo tiyenera kumuthokoza. Kulira kwa nyali ya siginala kunatha mwakachetechete tonse tili pompo.

Kunja kuli anthu amene amatola zoterezi. Stuart Fowkes wa ku Oxford anayambitsa ntchito yotchedwa Cities and Memory. Munthu amajambula phokoso la malo, kaya ndi msika, doko kapena siteshoni ya sitima, ndipo wina amalitenga nkuliumba kukhala nyimbo. Ziwirizo amaziika pamodzi pa mapu a dziko lonse, choyambirira ndi chosakanizidwa, kuti womvera adziweruzire yekha. Kuika ziwirizo pamodziko ndiko ndimakonda.

Za Tracey nazo zinasakanizidwa. Mu 2016 kunatuluka chimbale chotchedwa Beating Heart Malawi, chimene anakonza Chris Pedley ndi Olly Wood mogwirizana ndi ILAM. Oimba monga Rudimental, Machinedrum, Luke Vibert ndi Ibibio Sound Machine anapatsidwa nyimbo zakalezo kuti achite nazo remix, ndipo phindu lake analilonjeza ku ntchito zothandiza anthu kuno kumudzi. Kunena zoona, zina zinandikomera ndipo zina ayi. Pali malo amene mawu a mayi adulidwa pakati, nkumabwerezedwa kachidutswa kamodzi komweko pamwamba pa ng'oma za kompyuta. Kwa wovina ku London ndi kamvekedwe kokoma. Kwa ine amene ndikumva Chichewacho, ndi munthu amene amutseka pakamwa asanamalize chimene amanena.

Anzanga ena a msinkhu wanga amati kusakaniza kulikonse nkuwononga mwambo. Pamenepo sindigwirizana nawo, ndipo mboni yanga ndi malipenga ndi mganda. Magule amenewa anabadwa anthu ataona perete wa asilikali a King's African Rifles m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo ali pachibale ndi beni wa kugombe la Aswahili. Makolo athu analibe malipenga amkuwa, choncho anatenga zikho. Ndinaonerera amalume akukonza badza: anasankha chikho cha khosi lalitali, nkuboola kabowo kouzira, nkumata kumapeto ndi nembanemba yoyera ya chisa cha kangaude. Ukang'ung'udza m'kati, nembanembayo imanjenjemera, mawu nkutuluka okhuthala ngati a bandi ya boma. Achinyamata masiku ano amamatapo kapepala ka jumbo. Gulu la ovinalo analitcha boma, lokhala ndi mfumu yake, akapitawo, dokotala ndi anamwino, onse atavala zoyera zositidwa bwino. Anatenga za mzungu, nkuzidula, nkuziika pa ng'oma zawo, mwinanso akumuseka mwini wakeyo ali pomwepo. Amayi a chioda nawonso, m'nthawi ya Kamuzu, ankachotsa mawu akale m'nyimbo nkulowetsamo otamanda Ngwazi, ng'oma zili zomwezo.

Kusiyana kulipo kumodzi. Pabwalo, wotenga nyimbo ya mnzake amadziwika, ndipo mwini wake amatha kudzamuyankha Loweruka lotsatira ndi ina yoposa. Tepi imachotsa mawu kwa mwini wake nkuwapititsa kumene iye sadzafikako. Mu 1992 gulu la ku France la Deep Forest linatchuka dziko lonse ndi Sweet Lullaby. Mawu a m'nyimboyo anali a Afunakwa, mayi wa ku Malaita m'zilumba za Solomon, amene anajambulidwa ndi Hugo Zemp akuimba yotonthoza mwana. Pa chimbalecho dzina lake panalibe, ndipo ambiri ankayesa kuti akumva nyimbo ya m'nkhalango za mu Africa. Gulu la Enigma linachitanso chimodzimodzi ndi Difang Duana ndi mkazi wake Igay, a mtundu wa Amis ku Taiwan. Nyimbo yokhala ndi mawu awo inagwiritsidwa ntchito polengeza masewera a Olimpiki a ku Atlanta mu 1996, ndipo zinatengera mlandu kuti awiriwo azindikirike.

Tracey ankayesetsa kulemba maina, makamaka a oimba bangwe kapena kalimba payekha. Koma pa nyimbo za gulu, khadi nthawi zambiri limangoti amayi achichewa kapena atsikana achichewa. Atsikana amene anaimba mu 1958 lero ndi agogo opyola zaka 80. Amene angamve tepiyo nkunena kuti mawu otsogolerawo ndi a uje, mwana wa auje a kutsidya kwa Bua, akutha chaka ndi chaka.

Nyimbozo zinabwererako pang'ono. Michael Baird, woimba ng'oma wobadwira ku Lusaka, anazitulutsanso pa ma CD a kampani yake ya SWP Records, imodzi ya kummwera ndi pakati pa Malawi, ina ya kumpoto ndi pakati. ILAM nayo inayamba kubweza zojambulidwa kumadera ena kumene zinachokera. Koma CD yogulitsidwa ku Ulaya siifika kwa msodzi wa ku Chia. Kuno nyimbo imayenda njira ziwiri: pa Nkhotakota Community Radio, ndi pa kabenchi ka mnyamata wobena nyimbo pamsika, amene amakudzazira memori khadi ndi ndalama yochepa. Anyamata omwewo ambiri ali ndi pulogalamu yopangira mabiti pa kompyuta yomwe amabenera nyimbo, ndipo amajambula anzawo m'kachipinda kotchinga ndi matiresi. Zitsanzo za ng'oma zimene amagwiritsa ntchito amazitsitsa pa intaneti, zambiri za amapiano a ku South Africa, dziko lomwelo kumene kuli matepi a agogo awo.