Kufananiza DNA pogwiritsa ntchito FPGA

Kufananiza DNA ndi kufufuza ngati mndandanda wa zilembo A, C, G ndi T wa chamoyo china ukufanana ndi mindandanda yosungidwa m'nkhokwe monga GenBank. Umu ndi momwe akatswiri anatsimikizira mu 2016, kumadzulo kwa Africa, kuti mbozi zachilendo zodya chimanga zinachokera ku America. Mbozizi ndi ntchemberezandonda zomwe alimi a ku Dzoole m'boma la Dowa amazidziwa bwino. Kufufuza kwakung'ono kotere kompyuta wamba imakwanitsa, koma zilembo zikafika mabiliyoni imachedwa.

Njira ya Smith-Waterman ya mu 1981 siphonya, koma imayerekeza chilembo chilichonse cha mndandanda woyamba ndi chilichonse cha wachiwiri. BLAST, ya mu 1990, imafulumira chifukwa imadumpha malo ena, motero nthawi zina imaphonya.

FPGA ndi kachipangizo kamagetsi komwe malumikizidwe ake am'kati amasinthika ngakhale katachoka kale kufakitale. Kampani ya Xilinx inayamba kugulitsa tizipangizoti mu 1985. Pa ntchito ya DNA, FPGA imakonzedwa kukhala mzere wa tizigawo tambirimbiri, kalikonse kosunga chilembo chimodzi. Zilembo za m'nkhokwe zimadutsa mumzerewo ngati njerwa zopatsirana pomanga nyumba, ndipo tizigawo tonse timawerengera nthawi imodzi.

Makina a Splash 2 ku America anagwiritsa ntchito njirayi m'zaka za m'ma 1990. DRAGEN, yomwe kampani ya Illumina inagula mu 2018, imadaliranso FPGA. Chovuta n'chakuti kukonza malumikizidwewo kumafuna luso lapadera ndiponso nthawi yochuluka kuposa kulemba pulogalamu wamba.