Ousmane Sembène ndi filimu yoyankhula chinenero cha kwawo

Lero ndati ndilembeko za mkulu wina wa ku Senegal, Ousmane Sembène, amene ambiri amamutcha tate wa mafilimu a mu Africa. Enanu dzinali mukulidziwa chifukwa cha buku lake la God's Bits of Wood. Inenso kwa zaka zambiri ndinkamudziwa ngati mlembi basi, osadziwa kuti pakati pa moyo wake anaika cholembera pambali n'kunyamula kamera. Chimene chinamuchititsa zimenezo chakhala chikundisowetsa mtendere monga mphunzitsi.

Sembène anabadwa mu 1923 ku Ziguinchor, kum'mwera kwa Senegal, dzikolo lili m'manja mwa Afalansa. Bambo ake anali msodzi. Sukulu sanapite nayo patali, anachotsedwa adakali mnyamata. Ku Dakar anagwirako ntchito ya umakaniko ndi yomanga nyumba, ndipo mu 1944 analowa usilikali wa Afalansa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha anapita ku France, nakhala zaka zambiri akunyamula katundu padoko la Marseille. Kumeneko analowa bungwe la anthu apantchito, ndipo mabuku a mu laibulale ya bungwelo ndiwo anakhala sekondale ndi yunivesite yake. Buku lake loyamba, Le Docker noir, linatuluka mu 1956. God's Bits of Wood, lofotokoza za sitiraka ya apanjanji ya Dakar-Niger ya mu 1947 ndi 1948, linatuluka m'Chifalansa mu 1960, chaka chimene Senegal analandira ufulu.

Atabwerera kwawo anaona chinthu chowawa. Mabuku ake ankanena za asodzi, apanjanji ndi amayi a kumsika, koma eni nkhaniwo sakanatha kuwawerenga. Ambiri sanapite kusukulu, ndipo Chifalansa chinali cha anthu ochepa a m'tauni. Munthu wa zaka pafupifupi 40 uja anapita ku Moscow kukaphunzira kukonza mafilimu ku Gorky Studio. Iye ankaona kanema ngati sukulu ya madzulo, kumene wosadziwa kuwerenga amakhala pa benchi limodzi ndi wophunzira. Tisaiwale kuti kuyambira mu 1934 panali lamulo la Afalansa loletsa kujambula filimu m'maiko awo a mu Africa popanda chilolezo, choncho Sembène anali ndi anthu ochepa chabe a kwawo oti awatsanzire.

Mu 1963 anatulutsa Borom Sarret, kafilimu ka mphindi pafupifupi 20 ka woyendetsa ngolo ya kavalo mu Dakar, amene amabwerera kunyumba madzulo wopanda ndalama, ngolo atamulanda. Mu 1966 kunabwera La Noire de…, imene pa Chingerezi amati Black Girl, ndipo inalandira mphotho ya Jean Vigo ku France. Mbissine Thérèse Diop ndiye anasewera ngati Diouana, mtsikana wotengedwa ndi mabwana ake kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Antibes. Pali malo ena pamene kalata yochokera kwa mayi ake ifika. Diouana sadziwa kuwerenga, ndiye bwana amamuwerengera, kenako bwana yemweyo n'kuyamba kulemba yankho m'mawu ake, mwini wake ali chete. Pamapeto mtsikanayo amadzipha, ndipo bwana atapititsa ndalama kwa mayi ake ku Dakar, mayiwo amazikana.

Komabe m'filimu imeneyi ngakhale maganizo a mumtima mwa Diouana timawamva m'Chifalansa. Kusintha kunadza mu 1968 ndi Mandabi, imene anthu ake amayankhula Chiwolofu, chinenero cha anthu ambiri a ku Senegal. Opereka ndalama ku France anafuna kuti pakhalenso ina ya m'Chifalansa, ndipo anajambula ziwiri, koma imene dziko likukumbukira ndi ya Chiwolofu. Inalandira mphotho ku Venice chaka chomwecho.

Nkhani yake ndi ya Ibrahima Dieng, bambo wa mitala wosowa ntchito, amene anaseweredwa ndi Makhourédia Guèye. Wachibale wake wosesa m'misewu ya Paris amamutumizira money order ya mafuranki 25,000. Kupositi akuti abwere ndi chitupa. Kuti apeze chitupa pakufunika kalata ya kubadwa ndi zithunzi. Ofesi iliyonse ikumutumiza ku ofesi ina, mapepala onse ali m'Chifalansa, kwinaku akazi ake atenga kale mpunga wa ngongole kugolosale ndipo anansi ayamba kubwera kudzabwereka. Mapeto ake ndalamazo amadyedwa ndi munthu wophunzira, wa suti, amene anadzipereka kuti amuthandiza.

Filimu imeneyi ndinaonetsa ana a Fomu 3 Loweruka lina masana, pa laputopu yobwereka, ana oposa 60 atapanikizana. Mawu a Chingerezi olembedwa pansi ankaoneka kwa a kutsogolo okha. Koma a kumbuyo ankaseka pa malo oyenera kuseka, ndipo anakhala chete pa malo oyenera. Itatha ndinafunsa mafunso m'Chingerezi monga mwa masiku onse, ndipo anayankha ndi ana anayi omwe aja amene amayankha nthawi zonse. Ndiye ndinati aliyense anene m'Chichewa. Mtsikana wina wokhala pakona, amene chaka chonse sindinamvepo mawu ake, anaimirira n'kufotokoza kuti Dieng sanaberedwe ndi wakuba mmodzi, anaberedwa pang'onopang'ono ndi aliyense wodziwa kulemba amene anakumana naye. Anawonjeza kuti agogo ake amavutika chimodzimodzi amalume akatumiza ndalama kuchokera ku Joni. Ine ndi digiri yanga mfundo imeneyo sindinaiganize.

Ndinachita manyazi, chifukwa ine ndemwe ndakhala ndikupereka chibalo kwa ana oyankhula Chichewa pasukulu. Enanu mukuwerenga pano munatchetcha udzu chifukwa cha ine. Ndinkati ndikukuthandizani kukhoza MSCE, ndipo mwina ndinathandizadi ena, koma ndi ana angati anzeru amene ndinawatseka pakamwa n'kuwalembera pa lipoti kuti ndi ofooka?

Kuyankhula chinenero cha anthu kunamupalira Sembène milandu. Xala, ya mu 1975, imaseka atsogoleri atsopano amene analowa m'mipando ya atsamunda n'kupitiriza kudya, ndipo boma linadula malo ena. Ceddo, ya mu 1977, inaletsedwa ku Senegal. Chifukwa chimene boma la pulezidenti Léopold Senghor linapereka n'chakuti dzinalo liyenera kulembedwa ndi d mmodzi, ndipo Sembène anakana kusintha. Ambiri amakhulupirira kuti vuto lenileni linali mmene filimuyo inaonetsera kulowa kwa zipembedzo zachilendo mokakamiza. Camp de Thiaroye, ya mu 1988, imene anakonza ndi Thierno Faty Sow, imanena za asilikali a mu Africa amene anaomberedwa ndi Afalansa mu December 1944 atafunsa malipiro awo, ndipo inatha zaka zambiri isanaonetsedwe ku France. Filimu yake yomaliza, Moolaadé, yotsutsa mdulidwe wa atsikana, inalandira mphotho ku Cannes mu 2004, iye ali ndi zaka 81. Anamwalira ku Dakar pa 9 June 2007.

Sindikunena kuti titaye Chingerezi. Sembène naye sanasiye kulemba mabuku m'Chifalansa, ndipo mayeso a ana athu amabwera m'Chingerezi, tifune tisafune. Chimene ndasintha ine n'chaching'ono. Mutu ukakhala wovuta, ndimalola ana kukambirana m'Chichewa kaye kwa mphindi 10, kenako timathandizana kuika mfundo zawozo m'Chingerezi. Chibalo cha chiyankhulo ndinasiya kupereka. Aphunzitsi anzanga, ipezeni Mandabi muonetse ana anu, ndipo ikatha muyambe kufunsa a kumbuyo. Kwa inu amene munatchetcha udzu uja, pepani.