Madzi a M'komboni: Tachokera Kutali

1. Mzinda wa pamwala

Lusaka anayamba mu 1905 ngati kasiteshoni ka njanji. Mu 1935 atsamunda anasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kubwera kuno. Mzindawu ulibe mtsinje waukulu. Chimene uli nacho ndi madzi a pansi.

Pansi pa makomboni a Kanyama, George ndi Chawama pali mwala wa laimu. Mwalawu uli ndi ming'alu ndi timapanga. Mvula ikagwa, madzi amalowa m'ming'alumo msanga, osasefedwa ndi dothi lambiri. N'chifukwa chake m'malo ena munthu akangokumba pang'ono, madzi amatuluka. Koma njira imene madzi a mvula amadutsa ndi yomweyonso imene zonyansa za m'chimbudzi zimadutsa. Nkhani yathu yonse yagona pamenepa.

2. Chitsime pakhomo

Atsamunda anaika mapaipi kumayadi kwawo. Antchito ena anapatsidwa nyumba za khansolo, monga ku Matero. Ambiri anadzimangira okha m'mafamu a azungu ndi pafupi ndi maenje ofukula miyala. Umu ndi mmene makomboni monga George, Kanyama, Chawama ndi Kalingalinga anakulira.

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, anthu ochokera kumidzi anachuluka. Boma linkaona makomboni ambiri ngati malo osaloledwa, ndiye silinabweretseko madzi. Makolo athu sanakhale manja lende. Anakumba zitsime pakhomo. Koma poloti inali yaing'ono: chitsime apa, chimbudzi apo, masitepe ochepa chabe.

3. Madzi a Kafue ndi mipope yoyamba

Mzinda utakula, boma linayamba kupopa madzi mumtsinje wa Kafue. Madziwo amayeretsedwa pamalo otchedwa Iolanda, kenako amayenda m'chipaipi makilomita pafupifupi 50 kufika mu Lusaka. Madzi ena amachokera m'zitsime zakuya zobowola ndi makina.

Mu 1974 kunabwera lamulo lovomereza makomboni ena kukhala malo okhalamo anthu mwalamulo. Ndi ngongole ya World Bank, ku George ndi ku Chawama kunaikidwa misewu ndi mipope ya gulu. Mpope umodzi unali wa nyumba zambiri. Anthu anapitiriza kuchuluka, mipope ina inafa, ndipo zitsime zinayambanso ntchito.

Mu 1978 madzi anasefukira ku Kanyama, nyumba zambiri zinagwa. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mpaka lero, dzinja likafika, zimbudzi za kumeneko zimadzaza ndi kusefukira.

4. Kolera ndi ma kiosk

Mu 1991 ndi 1992 kolera inapha anthu ambiri m'dziko muno. Ku George kunali maliro otsatizana. Pambuyo pake boma la Japan linathandiza kubowola zitsime zakuya, kumanga mathanki a m'mwamba ndi kuika mipope m'dera lonse la George. Bungwe la CARE linagwira ntchito ndi anthu a m'makomboni ena, ndipo kunabadwa ma Water Trust, monga wa ku Kanyama. Amenewa amagulitsa madzi pansi pa chilolezo cha kampani ya madzi ya Lusaka.

Pitani pa kiosk yogulitsira madzi m'bandakucha. Mudzapeza zigubu zachikasu za malita 20, zimene kale munali saladi, zitandandalikidwa pamzere. Mwini chigubu wathamangira kunyumba kukasonkha mbaula, chigubu chikumusungira malo. Mtsikana akupinda chitenje kuti apange nkhata. Mnyamata akukankha wilibala ya zigubu zinayi. Madzi amenewa ndi othira mankhwala, koma ndi ogula. Ndalama ikasowa kapena mpope ukauma, phazi limabwerera kuchitsime.

5. Botolo laling'ono

Mu 1998 bungwe la Society for Family Health linayamba kugulitsa Clorin. Anali mankhwala a klorini a m'kabotolo, otsika mtengo, opezeka pakantemba. Kuyambira pamenepo mayi aliyense akanatha kuyeretsa madzi m'nyumba mwake, osadikira paipi ya boma.

6. Zaka zowawa

Mu Okutobala 2017 kolera inabuka ku Chipata komboni, kenako inafika ku Kanyama. Pofika Meyi 2018 anthu oposa 5,000 anali atadwala mu Lusaka. Asilikali anachotsa ogulitsa m'misewu. Sukulu zinachedwa kutsegulidwa. Zitsime zambiri zinakwiriridwa, ndipo m'makomboni munaikidwa mathanki a madzi othira klorini.

Mu Okutobala 2023 nthendayi inabweranso ndi ukali woposa. Bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala. M'dziko lonse anthu oposa 20,000 anadwala, oposa 700 anamwalira. Ena anafera kunyumba asanafike kuchipatala.

Misozi isanaume, kunagwa chilala. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anatsika ku damu la Kariba lopangira magetsi, magetsi anayamba kuzima maola ambiri. Popanda magetsi, makina opopa madzi amaima. Tinaphunzira kuti gwero limodzi la madzi silokwanira.

7. Njira zinayi zoyeretsera madzi

Kuwiritsa. Madzi abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Aziziritseni ali ovindikira. Njirayi ndi yodalirika, koma imadya malasha.

Klorini. Thirani muyeso wolembedwa pabotolo, khutchumulani chigubu, dikirani mphindi 30. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzi akakhala a matope, yambani mwawasiya adikhe, muwasefe ndi nsalu yoyera.

Dzuwa. Dzazani madzi osadetsedwa m'mabotolo a pulasitiki oonekera mkati. Agonekeni pamalata maola 6 padzuwa lamphamvu. Kukakhala mitambo, akhale masiku 2.

Mvula. Ikani ngalande padenga ndi dramu lovindikira. Madzi oyamba muwataye, chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi za mbalame. Otsalawo muwathirenso klorini musanamwe.

Dziwani ichi: njira zimenezi zimapha tizilombo, koma sizichotsa zonse zochokera m'zimbudzi zosungunuka m'madzi. Madzi a chitsime chosazama akhale ochapira ndi okolopera. Akumwa, makamaka a khanda, achokere pa mpope.

8. Kuchokera pa mpope kufika pakamwa

Madzi abwino amatha kuipira m'nyumba. Mwana wabwera kosewera, watenga kapu pansi, waviika m'ndowa pamodzi ndi zala zake. Ndowa yonse yaipa, ngakhale madzi akuoneka mbee. Sungani madzi akumwa m'chigubu cha kukamwa kung'ono, chotseka. Muzithira, osatunga. Tsukani chigubu ndi sopo. Sambani m'manja pochoka kuchimbudzi. Wina akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi a mpunga, mupatseni ORS ndipo thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Mbiriyi ikutionetsa kuti thandizo lalikulu lakhala likubwera maliro atachitika kale. Tisadikirenso maliro. Ku Mtendere mapaipi atsopano a madzi ndi a zonyansa anaikidwa ndi thandizo la dziko la America. Makomboni ena akuyembekezabe. Mutu umodzi susenza denga: tipite kumisonkhano ya wadi, tifunse khansala za mipope, ngalande ndi kupopa zimbudzi. Ndipo madzulo ano, tisanagone, tiyang'ane chigubu chathu ngati chili chotseka.

Tikambirane

1. N'chifukwa chiyani madzi a chitsime ku Kanyama amaipa msanga?
2. Mpope ukauma kwanu, mumatunga kuti? Mumawayeretsa bwanji?
3. Lembani mawu awa: madzi, chitsime, chigubu, mpope, klorini.