Alonda a Pakhomo M'chigwa cha Domasi

Mtsinje wa Domasi umachokera m'phiri la Zomba ndi kukathira m'nyanja ya Chilwa. M'chigwa chake munkakhala Anyanja, ndipo cha m'ma 1860 mudafika Ayao, amene mfumu yawo kuderali idali Malemia. Mitundu iwiriyi inkasiyana chiyankhulo, koma inkagwirizana pa mfundo imodzi: khomo silisungidwa ndi amoyo okha.

Anthuwa ankamudziwa Mulungu, koma ankamuona ngati mfumu yaikulu imene munthu wamba sangaifikire popanda mkhalapakati. Amkhalapakatiwo idali mizimu ya makolo. Mizimuyi sidali yachilendo ayi. Adali agogo ndi amalume omwe aja amene anthu adadya nawo nsima, ndipo popereka nsembe ankawatchula maina mmodzimmodzi. Malo opembedzera ankakhala pakhonde pa nyumba ya malemu kapena patsinde pa mtengo, kawirikawiri wa msolo. Nsembe yake idali mowa ndi ufa. Nsembe yaufayo Ayao amaitcha mbopesi.

Duff Macdonald, mmishoni wa ku Blantyre, adalongosola mwambowu m'buku lake lotchedwa Africana la mu 1882. Munthu akafuna kuyenda ulendo wautali, mkulu wa mudzi ankathira ufa pansi pang'onopang'ono uku akupempha. Ufawo ukaunjikana bwino ngati kachulu, ankati makolo avomera. Ukagumuka, ulendo unkayamba waima. M'masiku amenewo, pamene njira zidadzaza ndi nkhondo ndi ogwira akapolo, yankho la kamulu kaufako lidali nkhani ya moyo ndi imfa.

Chikhulupiriro chotere sichidali cha kuno kokha. Aroma akale adali ndi milungu yapakhomo: Lares, olondera banja, ndi Penates, osunga nkhokwe ya chakudya. Mumzinda wa Pompeii, umene udakwiririka ndi phulusa la phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, ofukula zakale adapeza tiakachisi ta milunguyi m'nyumba zambiri. Komabe padali kusiyana kuwiri. Aroma ankaumba ndi kujambula zifanizo, pamene ku Domasi mtengo udali wokwanira. Ndiponso ku Roma wotsogolera nsembe adali bambo wa m'nyumba, pamene ku Domasi, kumene mtundu umatsata kuchikazi, udindowu udali wa mwini mbumba, ndiye kuti malume kapena mlongo wamkulu wa amayi a pamudzipo. Mkamwini adali ndi mizimu yake kwawo. Motero woona amene wagwira nsengwa ya ufa ankadziwiratu mwini banjalo.

Apa ndiye padagona mphamvu ya mwambowu. Mwana akadwala, akuluakulu ankaombeza ula, ndipo nthawi zina ula unkaloza mzimu umene waiwalidwa kapena wakwiya ndi mikangano ya adzukulu ake. Kuti nsembe iperekedwe, abale ankayenera kusonkhana pamalo amodzi. Choncho mizimu inkalondera khomo pobwezera odana patsinde limodzi.

Ku Roma, mfumu Theodosius idaletsa kupembedza milungu yapakhomo ndi lamulo m'chaka cha 392. Ku Domasi zinthu zidasintha mwapang'onopang'ono. Mu 1884 Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland adatsegula mishoni ya Domasi, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Chisilamu chidayamba kufala pakati pa Ayao. Zipembedzo zonse ziwiri zidaphunzitsa kupemphera kwa Mulungu mmodzi yekha, ndipo nsembe zapatsinde zidanka zichepa.

Ngakhale zidatero, malemu sadaiwalike. Asilamu amachita sadaka pokumbukira womwalira, ndipo Akhristu amasonkhana pomanga chiliza. Cholinga cha mapemphero chidasintha, popeza tsopano anthu sapempha kwa malemu. Koma pamisonkhano iwiriyi mbumba imakumanabe, maina a makolo amatchulidwabe, ndipo odana amadyerabe mbale imodzi. Paja akuluakulu adafunsa kuti, mtengo wopanda tsinde mudauonapo?