Mafupa Analipo, Koma Aphunzitsi Panalibe

Aphunzitsi anzanga a ku Msanzala, Petauke ndi Nyimba, mtsinje wa Luangwa tiudziwa tonsefe. Koma ali owerengeka amene adziwa kuti miyala ya m'cigwa cace isunga mbiri ya zamoyo za kale lomwe. M'zaka za 1960 ndi 1961, Alan Drysdall ndi James Kitching anafukula kumtunda kwa cigwaco mafupa osanduka mwala, a nyama zimene zinakhalako zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo, zapacibale ndi makolo a nyama zoyamwitsa. Imodzi ya nyamazo anaicha dzina lakuti Luangwa m'caka ca 1963. Koma ambiri a mafupawo ananka ku Johannesburg, monganso cibade ca munthu wakale, cimene cinapezeka m'mgodi wa Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero, m'caka ca 1921, cinatengedwa kunka ku London.

Zinatero pakuti dziko linali m'manja mwa eni ena, ndiponso linalibe sukulu yaikuru yophunzitsa za kusinthika kwa zamoyo, ndiko kunena m'mene mitundu ya nyama ndi zomera isinthira pang'ono pang'ono m'mibadwo yosawerengeka. Pofika ufulu m'caka ca 1964, eni dziko amene anatsiriza maphunziro a yunivesite anali ngati 100 okha. Bungwe la Sir John Lockwood linali litalangiza kale m'caka ca 1963 kuti pakhale yunivesite, ndipo University of Zambia inatsegulidwa ku Lusaka m'caka ca 1966. Nanga ophunzitsa akanacokera kuti? Anawaitana kucokera ku maiko a kutali. Ngakhale mkuru woyamba wa sukuluyo, Douglas Anglin, anali wa ku Canada. Alendowo anathandiza ndithu, koma mlendo ndi mame: pangano lace la nchito likatha, abwerera kwao ndi nzeru zace.

Pakati pao panali mwana wa kuno kum'mawa, Lameck Goma wa ku Lundazi, amene anaphunzira za nyama ku Fort Hare ndi ku Cambridge, nasanthula moyo wa udzudzu ku Uganda. Iye anabwera kudzaphunzitsa za nyama, ndipo m'caka ca 1969 anakhala mwini dziko woyamba kutsogolera yunivesiteyo. M'nthawi yace sukuluyo inalimbika kutumiza ophunzira ace anzeru kunja, kuti akabwerako alowe m'malo a alendo.

Tsono tione: mphunzitsi wa yunivesite sapezeka ndi kalata yoitana yokha. A Goma anayamba wakhala mwana wa sukulu, m'manja mwa mphunzitsi wonga ife. M'mera mpoyamba. Mwana wa ku Nyimba akafunsa cifukwa cace mapazi a bakha asiyana ndi a nkhuku, tisamkalipire, koma timtume akayang'anitse mbalame zonse ziwiri, nadzatiuze cimene waona. Cibade cija cikali ku London kufikira lero, ndipo miyala ya Luangwa siinathe kufukulidwa.